Mokhles Wolembedwa Kawiri

Narayanganj, 9 Marichi

Amake Shefali,

Abdul Barek, mwana wa bambo anga aakulu, ndiye wandigwiritsa cholembera lero. Ndayamba ndi dzina lakelo kuti Shefali akamakuwerengerani alitchule mokweza, chifukwa patha zaka 47 lisanatuluke m'kamwa mwa munthu. Koma ndisaiwale mwambo. Mtendere ukhale nanu. Mawondo aja ali bwanji? Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la m'depoti. Za pa foni musadandaule. M'chipinda muno timagona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo makutu awo sagona.

Inu nkhaniyi mumaidziwa, koma Shefali aimve lero. Ine ndinakhoza kalasi 8, Barek analephera kawiri. Bambo anga anali atamwalira, ndiye satifiketi yanga inkasungidwa m'bokosi la bambo ake. Chaka cha madzi aakulu bambo akewo anandiuza kuti mtsinje wa Dharla wapita nayo. Ine ndinalowa m'munda, Barek anapita kusukulu ya m'tauni pepala langa lili m'thumba. Kuyambira pamenepo iye ndi Mokhles Pramanik, mwana wa Kasim. Dzina langa anatenga, bambo anga omwe anatenga. Ntchito inoyi anandipezera ndi iyeyo kuti nditseke pakamwa, n'kundilumbiritsa kuti phazi langa lisadzaponde ku Dhaka, kulikulu la kampani komwe iye amagwira ntchito. Kaundula wa kudepoti ankakhala kudepoti, wa kulikulu kulikulu, choncho a Mokhles awiriwa sanakumanepo papepala.

Chandikumbutsa zonsezi ndi ichi. Mwana wa mwini kampani wabwera kuchokera kusukulu za kunja, ndipo walamula kuti mabuku onse athiridwe m'makina amodzi. Atitumizira mtsikana wa makompyuta, dzina lake Sabiha, wamng'ono kwa Shefali. Anaima patsogolo pa tebulo langa, pomwe ndasungira kaundula wa masitolo zaka 32, n'kunditchula Chacha ngati ndine bambo ake aang'ono, n'kuti:

"Chacha, makinawa azitolera okha manambala a masitolo onse, azisefa, aziwonkhetsa. Mabwana akamamwa tiyi m'mawa, lipoti lizikhala lafika kale pa foni zawo."

"Nanga ife?"

"Inu muzipumako."

"Mama, kuno opuma ali kumanda."

Anaseka, ine ayi.

Ndatumiza ndalama zokwana taka 4,000 pa foni ya Shefali. Mugule malata awiri a kukhitchini mvula isanayambe. Mbatata musagulitse pano, mtengo wagwa.

Ndine mwamuna wanu,
Mokhles mwana wa Kasim


Narayanganj, 6 Epulo

Amake Shefali,

Mtendere. Ndamva kuti kusala kukukulemerani ndi kutenthaku. Musamapite kumunda masana. Ine kusala sikukundivuta, pakuti masiku ano chakudya sindikuchifuna kwenikweni.

Imvani zoseketsa. Makina aja ayamba ntchito, ndipo sabata yoyamba yomwe achita manyazi. Mu kaundula wanga muli masitolo khumi ndi imodzi otchedwa Dalitso la Mayi. Makina anati imeneyi ndi sitolo imodzi yolembedwa kambiri, n'kuwaphatikiza onse. Lipoti linauza mabwana kuti kasitolo ka mdala wina ku Fatulla, kochepa ngati khola la nkhuku, kakugulitsa sopo kuposa msika wonse. Anatumizako lole yodzaza. Jobed dalaivala anabwerera thukuta lili kamukamu.

"Chacha Mokhles, mdala uja wati ngati tikufuna kumusambitsa, tidikire amwalire kaye!"

Depoti yonse inagwa ndi phwete, koma Sabiha maso anafiira. Sindinamunyoze. Anakoka mpando, n'kukhala nane masiku anayi ndi kope lake. Ndinkamuuza kuti iyi ndi ya wotsimphina uja, iyi ndi ya abale awiri osayankhulana, iyi inapsa chaka chatha, iyi mwini wake anasamukira kutsidya koma chikwangwani anapita nacho.

"Zonsezi mumazisunga pati, Chacha?"

"M'mutu womwe munati upume uja."

Zitatero komiti ya kulikulu yakhazikitsa lamulo. Makina akakayikira kuti mayina awiri ndi chinthu chimodzi, asamagamule okha. Aziika mzere wofiira, n'kudikira zala ziwiri: cha mwini kaundulayo ndi cha mlonda wa mayina. Aliyense azidina batani la "mmodzi" kapena la "awiri". Wodina amalembedwa dzina ndi ola lomwe wadinira, ndipo sizifufutika, ngakhale atabwera mwini kampani ndi ndodo. Kaundula aliyense ali ndi mwini wake, koma mlonda wa mayina ndi mmodzi kampani yonse. Mlondayo, amake Shefali, ndi mwamuna wanu wa kalasi 8. Malipiro sanawonjezere, koma andipatsa nambala yachinsinsi ndi mpando wokhala ndi chotsamira.

Pa Idi sindibwera, matikiti a basi akwera kawiri. Nsalu yanu ndapatsira mchimwene wake wa Jobed. Yobiriwirayo ndi yanu, musapatse Shefali ngati chaka chatha.

Mokhles


Narayanganj, 14 Meyi

Amake Shefali,

Mtendere. Ndakondwa kuti mpunga wakololedwa usananyowe. Ine ndilipo. Lamba ndaboola bowo lina, nkhani ndi yomweyo.

Tsiku lomwe ndinkaliopa ndi kulilakalaka lafika. Lachiwiri anathira kaundula wa antchito m'makina. Ndinangoona Sabiha akubwera akuseka, kompyuta ili m'khwapa.

"Chacha, mwakhala mukudya malipiro awiri osandigawirako? Taonani. Mokhles Pramanik, mwana wa Kasim, mudzi umodzi, wobadwa pa 1 Januwale. Wina ali kuno, wina ndi mkulu wa za antchito kulikulu."

"Pa 1 Januwale mudzi wathu wonse unabadwa," ndinatero. "Aphunzitsi a Jotin ankalembera aliyense tsiku lomwelo. Azamba a kwathu ankagwira ntchito tsiku limodzi pachaka."

"Zimenezo ndikuzidziwa, ngakhale mayi anga ndi a 1 Januwale. Makina ndinawauza kale kuti tsikulo asamalikhulupirire. Koma bambo mmodzi? Mudzi umodzi?"

Anasiya kuseka, n'kunditembenuzira kompyuta. Mzere wofiira unali pa dzina langa. Mwini kaundula wa antchito, ndiye Barek ameneyo, anali atadina kale. Makina anasonyeza kuti anadina patangotha mphindi zisanu ndi zinayi chiwonekereni mzerewo. Anadina "mmodzi", n'kulemba kuti la kulikulu ndilo lenileni, la kudepoti ndi cholakwa cha kalaliki wakale. Mphindi zisanu ndi zinayi! Ngakhale wozinga mbuzi amayamba waipatsa madzi.

Ndinafunsa kuti ndikadina nane chichitike n'chiyani. Sabiha anati mayina awiriwo asanduka limodzi. Mokhles wa kudepoti atha, chitupa cha pageti chifa, ndipo m'mabuku a kampani ziwoneka ngati munthu woteroyo sanakhaleko.

"Mwina a bwana anadina mothamanga," anatero. "Ndiwaimbira."

"Usavutike, mama. Ameneyo sanathamange lero."

Chala chachiwiri ndi changa, ndipo sindinadine. Mzerewo ukutuluka pamwamba pa lipoti la mabwana m'mawa uliwonse, wofiira ngati malovu a wotafuna pani, tsamba lofiiritsa m'kamwa lija. Ndamva kuti mwana wa mwini kampani amadana ndi zofiira.

Mpunga wa mbewu muupatule, musaudye. Wina akabwera kudzafunsa za ine, mwamuna wanu sanakuuzeni kanthu.

Mokhles


Narayanganj, 2 Juni

Amake Shefali,

Mtendere kwa inu ndi ana. Malungo a mdzukulu ndamva kuti atsika, Mulungu atamandike. Ine ndikuyenda.

Barek wabwera. Galimoto anaisiya patali, n'kutuma mlonda wa pageti kuti andiitanire ku kanyumba ka tiyi kuseri kwa depoti. Simungamudziwe. Mimba ili kutsogolo, ndevu wazifiiritsa, pachipumi pali chipsera cha kupemphera chachikulu kuposa cha imamu.

"Wakalamba, m'bale wanga," anatero.

"M'bale wako ndani? Nditchule dzina."

Anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

"Usayambe zachibwana. Kadine. Mawa lake ndikulemba mwatsopano, Mokhles Mia, mwana wa aliyense amene ungasankhe. Zaka zako zonse ndiziwerenga. Munda wa kuseri kwa mzikiti uja ndikupatsa, wolembetsa ndi kuboma komwe."

"Ndisankhe bambo ngati tambala pamsika? Iwe amene unasankha uja anakukwana?"

"Tsitsa mawu."

"Ndawatsitsa zaka 47. Afika pansi, kulibenso kotsikira."

Apo nkhope yake inasintha, ndipo kanthawi ndinamuona mnyamata yemwe tinkawedza naye. Anati mapepala a ana ake onse ali pa dzina limeneli. Mwana wake wamkazi ndi dokotala. Mkazi wake sadziwa kanthu. Kwatsala miyezi khumi kuti apume pantchito.

"Ndinali mwana nanenso," anatero. "Pepalalo anandipatsa ndi bambo. Ukufuna ndigwe ndili pakhomo penipeni?"

"Wako ndi dokotala. Wanga amasoka zigamba za mabulangete a anthu, chikhalirecho masamu ankamuposa mphunzitsi."

"Ndiye ukufuna zingati?"

Mawu amenewo ndiwo anandiimiritsa. Ndinati, "Tiyi wako wazizira, Barek." Ndinanena mokweza, mpaka wogulitsa tiyi anacheuka kuti aone amene akutchedwa choncho. Barek anatuwa ngati phulusa, n'kusiya taka 500 patebulo. Ndinauza mwini malo kuti imeneyo ndi ya kapu imodzi. Yanga ndinalipira ndekha, taka khumi.

Akatumiza maswiti kapena nsalu kudzera kwa alongo ake, zibwerere ndi wobweretsa yemweyo. Mwandimva? Ng'ombe muimange kumtunda, Dharla ayamba posachedwa.

Mokhles mwana wa Kasim


Narayanganj, 19 Julaye

Amake Shefali,

Mtendere. Madzi ndamva kuti afika pakhonde koma sanalowe. Mukweze mpunga pathandala. Ine ndachedwa kulemba chifukwa panali masiku ena omwe dzanja silinkafuna.

Mawu anu Shefali wandiuza onse pa foni, ndi kulira kwanu komwe ndinakumva kumbuyo. Mukuti nditenge mundawo, dzina sadya. Mukuti ndakalamba, ndiganize za inu. Sindikukwiyirani. Mwadya mpunga wa mchere wokha zaka zambiri chifukwa cha ine. Koma ndifunseni. Tsiku lomwe munakwatiwa, imamu anatchula mwana wa yani? Ndikadina, ndiye kuti munakwatiwa ndi cholakwa cha kalaliki. Maswiti aja mwadya, mwadya, sindinenapo kanthu. Za munda ayi.

Kuno zavuta. Bwana wa depoti, a Shikdar, amandidutsa ngati thumba la mchere. Mpando wotsamira uja unapita kukakonzedwa, sunabwerere, ndiye ndimakhala pa katoni. Tsiku lina anandiitana.

"Mdala, mzere wako uja wandidyetsa mwano kulikulu katatu. Chala chako chatupa? Ndikubwereke changa?"

"Changa chili bwino, bwana. Mizere ya masitolo ndadina makumi atatu sabata ino. Umodzi wokhawo ndiwo ukundikana."

Anafuna kundichotsa pa umlonda. Koma lamulo lomwe anasayina okha likuti wochotsa mlonda alembe chifukwa, chifukwacho chipite ku komiti, ndipo woyenera kulemba ndi mkulu wa za antchito. Mpaka lero sanalembe. Alemba kuti chiyani?

Sabiha ndiye amandimvetsa chisoni. Amuuza kuti akonze makina kuti mzerewo usamaoneke. Iye wakana, akuti akabisa umodzi lero, mawa manambala onse a kampani asanduka nthano. Koma ndi mwana wa munthu, nyumba ya mayi ake amalipira ndi iye. Anandipeza ndikudya, n'kukhala pa katoni.

"Chacha, ntchito yanga ili pa chala chanu. Ndiuzeni zoona, ndidziwe chomwe ndikufera."

Ndinamuuza zonse. Anafunsa ngati ndili ndi umboni. Ndinati aphunzitsi a Jotin anamwalira, sukulu inakokoloka, bambo ake a Barek ali m'manda moyandikana ndi anga. Kenako anatsegula kabokosi ka ndemanga pansi pa mzere uja, n'kuti ndinene pang'onopang'ono, iye azilemba. Pansi pake anaika dzina langa ndi ola.

"Umboni si umenewu ayi," anatero, "koma sudzafufutika."

Lolemba komiti inatumiza yankho. Akuti zithe mwamtendere. Tonse tidine "awiri", zilembedwe kuti zinangofanana, aliyense akhale ndi zake. A Shikdar anabwera ndi nkhaniyi akumwetulira ngati abweretsa mkwatibwi. Ndinati bambo anga Kasim anabereka mwana mmodzi, mayi anga anatsala pang'ono kufa naye. Ndisayine kuti anali ndi wina yemwe anamupatsa dzina lomwelo? Ndiwanamizire ali m'manda?

Pali batani lachitatu, amake Shefali, lomwe onse akulilambalala. Limati "dzina ndi lolakwika", ndipo pansi pake pali mpata wolembamo lenileni. Wolemba pamenepo ndi mwini kaundula yekha.

Mokhles


Dhaka, 30 Ogasiti

Amake Shefali,

Mtendere. Ndikulemba ndili pabenchi, ndiye zilembo zikhota. Jobed anandinyamula pa lole yake kudzaonana ndi madokotala, akuti watopa kumva ndikutsokomola ngati injini yakale. Ajambula pachifuwa. Dokotala anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati ndili ndi wachibale pafupi. Ndinati ndili naye mmodzi, wa dzina langa lomwe, koma ndi wotanganidwa.

Mankhwala andipatsa a ululu okha. Musamuuze mdzukulu. Ng'ombe musagulitse chifukwa cha ine, ndakana.

Lero phazi langa laponda Dhaka. Lumbiro lija ndaliphwanya, ndipo thambo silinagwe.

Mokhles


Narayanganj, 21 Seputembala

Amake Shefali,

Mtendere ukhale nanu, ndi Shefali, ndi onse a pakhomo. Za thupi langa sindinama lero. Masitepe a kudepoti ndimakwera mopumira katatu. Koma ndimakwera, ndipo ndimakhala pa katoni yanga mpaka belu.

Nkhani ya kuchipatala inafika kulikulu ine ndisanafike kuchipinda. Kuyambira pamenepo palibe akundikakamiza. A Shikdar abweza mpando wotsamira uja, ngakhale ine sindikhalapo, amandifunsanso ngati ndadya. Ndinadabwa masiku awiri, lachitatu ndinazindikira. Akudikira. Ndikapita adzaika mlonda wina, adzadina, ndipo Mokhles adzatsaladi mmodzi. Barek waona kuti imfa imugwirira ntchito kwaulere.

Ndinamufunsa Sabiha kuti wantchito akamwalira makina amatani. Anandiyang'ana, n'kuyankha mosathamanga, ngati akuwerenga buku.

"Kalata ya imfa ikangolowa, makina amatseka dzinalo paliponse okha. Geti, malipiro, penshoni, nambala yachinsinsi. Safunsa munthu."

"Nanga mayina awiri akakhala ataphatikizidwa kale?"

"Ndiye kuti wamwalira ndi mmodzi yemweyo, Chacha. Ndipo wodzatsegulanso ayenera kufotokozera komiti kuti wamoyoyo ndi yani, mwana wa yani."

Anatola kompyuta yake n'kumapita. Pakhomo anacheuka, n'kuti, "Ine ndangoyankha funso la mlonda."

Amake Shefali, ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwetsa pansi. Barek anadina "mmodzi" ndi chala chake, pa ola lake, ndipo sangafufute. Chatsala ndi changa. Tsiku lomwe ndidzaone kuti masitepe andikana, ndidzauza Jobed andibereke, ndikadine "mmodzi" nanenso. Inu mukapite kwa imamu, alengeze pa chimkuzamawu cha mzikiti kuti Mokhles Pramanik, mwana wa Kasim, wamwalira. Shefali akatenge kalata ya imfa kuboma, aitumize kwa Sabiha, osati kwa wina. M'mawa mwake Barek, bwana wamkuluyo, adzafika pageti ndi galimoto yake, geti lidzamuuza kuti anafa. Anafuna tikhale munthu mmodzi. Chabwino, tidzalowa m'manda amodzi.

Koma si zimene ndikufuna, Mulungu ndi mboni. Penshoni yake adye. Mwana wake achize anthu, sanandilakwire. Munda wa kuseri kwa mzikiti alimemo yekha. Kundende sindimufunira, ndipo kupepesa kwake ndilibe nako ntchito.

Shefali, mwana wanga, tsamba lino ulikopere bwino ndi dzanja lako lokongolalo, ukalipereke kwa alongo ake a Barek, limufike sabata ino. Umuuze kuti masiku anga sindikuwadziwa, ndiye asawerengere miyezi yake khumi.

Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso. Abwere kudepoti masana, antchito ali pomwepo. Akhale pa katoni yanga. Adine batani lachitatu, ndipo pampata paja alembe ndi chala chake, ine ndikuona: Abdul Barek, mwana wa Nosim. Akatero awerenge mokweza, kamodzi kokha, kuti ndimve.

Ndine mwamuna wanu,
Mokhles Pramanik, mwana yekhayo wa Kasim